Chimene Che Amidu Anaona Pansi pa Nsalu

Kutentha kwa Okutobala ku Makanjira sikudikira munthu. Usipa woyanika m'mawa umakhala utauma dzuwa lisanapendeke. Nyenje zimalira m'mitengo mpaka m'makutu kuwawa, mchenga umaotcha mapazi, ndipo munthu akamwalira m'mawa amayenera kulowa m'manda tsiku lomwelo. Nyengo imeneyi Che Amidu ankaitanidwa mothamanga.

Che Amidu anali osambitsa maliro a amuna pa mzikiti wa m'mudzi wina wa kufupi ndi malire a Mozambiki. Masiku opanda maliro ankasoka mphasa. Ankadula bango kugombe, kuling'amba, kuliyanika, kenako n'kukhala pakhonde ndi singano yaitali mpaka nthawi ya swala, yopita kukapemphera. Akazi awo anamwalira chaka cha kolera. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapita ku Halale, ndipo makalata ake anabwera katatu basi. Anthu ankawalemekeza Che Amidu, koma moni ankapereka ali chiimire. Palibe amene ankakonda kumwera m'chikho cha munthu amene manja ake adzamutembenuza tsiku lina.

Ntchitoyo anaiphunzira kwa amalume awo, amene anawasiyira lamulo limodzi: chimene waona pathupi la wakufa chimapita naye kumanda. Zipsera, matenda obisika, kuwonda kwa munthu amene abale ake ankati akumudyetsa, zonsezo Che Amidu anaziona zaka makumi atatu, osauza munthu.

Chaka cha 1987 nkhondo ya kutsidya kwa malire inayandikira. Wailesi sinkanena zambiri, ndipo anthu anali atazolowera kusakamba zimene wailesi sinanene. Koma utsi unkaoneka kumapiri a kum'mawa, ndipo othawa ankatsika ndi mitolo pamutu, akulankhula Chiyao chomwe chija cha m'mudzimo.

Mwa iwo munali mayi wina wamasiye dzina lake Ajira, amene anafika nthawi ya mphepo ya mwera pamodzi ndi mlongo wake Dinala. Mayiyo anabwera kwa Che Amidu kudzapempha mphasa yakutha yoti azigonapo. Iwo anamupatsa yatsopano. M'mawa mwake anabweranso ndi mbale ya futali wa chinangwa, nakhala pansi pakhondepo, napempha madzi akumwa. Anamwera m'chikho chawo mpaka kutha.

"Simukudziwa ntchito yanga?" anafunsa Che Amidu.

"Ndikuidziwa. Kwathu tinasiya anthu pabwalo opanda wowasambitsa. Ndiope inu?"

Kuyambira tsiku limenelo pakhondepo pankamveka mawu a anthu awiri. Mwera utatha, mango atayamba kumanga, Che Amidu anatuma akuluakulu kwa Dinala, ndipo anagwirizana kuti ukwati umangidwe mvula isanagwe. Anayamba kusoka mphasa yaikulu, yokwanira anthu awiri.

Mphasayo ili pakati, kunafika wothawa nkhondo wina wodwala chifuwa, dzina lake Jafali, ndi mkazi wake ndi ana awiri. Ngakhale kunkatentha chotero, malaya sankavula. Anakhala masiku anayi, tsiku lachisanu m'mawa n'kumwalira.

Che Amidu akusonkhanitsa sopo ndi nsalu zawo, Ajira anatulukira. Tsiku limenelo sanakhale pansi.

"Che Amidu, munthu mukukamusambitsayo ndinamva mawu ake dzana, akupempha madzi. Mawu amenewo ndimawadziwa."

Anafotokoza zimene anali asanawauzepo. Ankhondo a m'tchire anafika kwawo mbandakucha, nkhope atazikulunga ndi nsanza. Mmodzi, akukalipa, anakokera mwamuna wake kuseri kwa nkhokwe, n'kumuphera komweko. Pobwerera anawerama kuti atole thumba la ufa, ndipo Ajira anamukhuthulira pamsana mphika wa madzi owira, n'kuthawa.

"Ngati ndi iyeyo, chipsera chili kumsana, kumanzere. Mukachione, mudzandiuze."

"Nanga chikapezeka?"

"Achimwene akuti manda athu asalowemo. Amukokere kumalire, akagone pamtunda monga anagonera amuna anga. Mkazi wakeyo amupereke kwa atcheyamani a chipani, akafotokoze yekha."

"Ndi ana omwe?"

"Anga ali kuti?"

Che Amidu anayang'ana sopo ali m'manja mwawo. Ana a Ajira anamwalira panjira, onse awiri.

"Che Ajira, chimene ndimaona mosambitsira maliro sindituluka nacho."

"Sindikufunsa wosambitsa maliro. Ndikufunsa amuna anga."

"Munthu wake ndi mmodzi yemweyo."

Mtembo sausambitsa munthu mmodzi. Wothira madzi wa Che Amidu anali Che Wadi, nkhalamba ya ng'ala m'maso onse awiri, imene pa unyamata wake inamenya nkhondo ya azungu ku Bama. Che Amidu anawapeza kuseri kwa msasa wa maliro akufunditsa madzi.

"Mwachedwa, akwati," anatero Che Wadi. "Kapena mumayesa mphasa ija ngati mukwanapo?"

"Sonkhezani moto, Che Wadi. Nkhuni zili kumanja kwanu, kumene mukupapasako kuli phazi langa."

"N'chifukwa chake zikuuma chonchi." Anaseka pang'ono, kenako anatsitsa mawu. "Ndamva zimene akunena. Maso ndilibe koma makutu ndi anga. Mukudziwa kuti ku Bama ndinawombera m'tchire mmene munali anthu? Nkhope zawo sindinazione. Anandipatsa mendulo. Tsiku langa likadzafika, mudzayamba mwandifunsa musanandithire madzi?"

"Inu munkawombera anthu a mfuti. Mwamuna wa Che Ajira anali ndi khasu."

"Eya, pamenepo pali kusiyana, sindikana. Koma anyamata a kutsidyaku amawagwira kumunda, kuwapatsa mfuti, n'kuwauza kuti ipha kapena ufe."

"Ena amasankha kufa."

"Alipo. Amenewo safika kwa inu, amathera m'tchire. Kwa inu kumafika ife otsalafe." Che Wadi anaviika chala m'madzi. "Afunda. Koma mayiyo ali ndi mlandu weniweni, Che Amidu. Khoti lake lili kuti?"

"Kulibe."

"Ndiye wabwera kwa inu."

"Ine si khoti. Ndikaweruza, amene alangidwe si wagona m'katimuyu. Iye watha kale. Alangidwa ana ake aja."

Analowa. Mtembo unali utafundidwa nsalu kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo. Che Amidu anakulunga kansalu kudzanja lawo, natchula dzina la Mulungu, nayamba mbali ya kumanja monga mwa nthawi zonse. Che Wadi ankathira madzi pamene auzidwa. Kenako anautembenuza kuti asambitse kumsana, kumanzere. Anasambitsa katatu, osafulumira ndiponso osachedwa. Anaupukuta, kuukulunga m'sanda yoyera, n'kumanga mfundo kumutu, pakati ndi kumapazi. Chimene anaona pansi pa nsaluyo sanauze munthu mpaka tsiku la imfa yawo.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, Dinala ankadikira ndi amuna ena othawa nkhondo. Cha patali mkazi wa Jafali anali atakhala pansi, ana ake atawapanikiza m'mbali mwake, osakweza maso.

"Alamu," anatero Dinala, "tiuzeni. Chilipo?"

"Munthu wasamba. Bweretsani jeneza timunyamulirepo, dzuwa likupita."

"Ngati palibe, nenani kuti palibe, tinyamule ndi mtima woyera. Chovuta n'chiyani?"

"Ndikanena lero kuti palibe, tsiku lina ndikadzakhala chete mudzadziwa kuti chilipo. Inunso mudzagona mmenemo, Che Dinala. Mudzafuna kuti ndidzatuluke ndi nkhani yanu?"

"Ine sindinaphe munthu!"

"Ndiye mudzapepuka ponyamula," anatero Che Wadi ali pakhomo la msasa. "Amene akufuna kumasula sandayo alowe. Mfundo ndi zitatu zokha."

Palibe amene analowa. Sanda yomangidwa simasulidwa kuti anthu aonerere, ndipo aliyense ankadziwa kuti phokoso likakula limaitana galimoto yochokera kuboma, imene sisankha pokweza anthu. Othawa nkhondo aja anabalalika mmodzimmodzi. Jeneza ananyamula eni mudzi asanu ndi mmodzi, Che Amidu ali kutsogolo. Manda anakumbidwa kumapeto, pafupi ndi migwalangwa, ndipo anafotsera dzuwa lili pamwamba pa nyanja.

M'mawa mwake Ajira anabwera pakhonde paja. Anaima pamene ankaima anthu ena onse.

"Ndabwera ndekha, achimwene kulibe. Sindiuza munthu, ndikulumbira. Ana aja sindiwakhudza. Ndikungofuna kudziwa ngati ndileke kumvetsera mawu a mwamuna aliyense wodutsa panjira."

Che Amidu anasiya singano. Ankadziwa kuti akunena zoona. Ankadziwanso kuti Dinala adzangoyang'ana nkhope ya mlongo wake, n'kuwerenga yankho.

"Sindingathe, Che Ajira."

"Mukusunga chinsinsi cha wakufa, wamoyone mukundisiya ndi katundu."

"Ndikudziwa."

"Ndizigona pamphasa imodzi ndi munthu wodziwa, ine wosadziwa? Ndizikuyang'anani m'maso tsiku lililonse, kufunafuna mmenemo?"

Che Amidu anatolanso singano. Ajira anatenga mbale yake ya futali imene inali pawindo, naiika m'nsalu, napita.

Patapita milungu iwiri kunabwera lole yotenga othawa nkhondo kupita nawo kumsasa waukulu. Dinala ndi Ajira anakwera. Che Amidu anaimva ikulira pamtsetse ali kugombe, m'bango. Mkazi wa Jafali anatsala. Anapatsidwa kamunda kumapeto kwa mudzi, ndipo ana ake anayamba kupita kumadrasa ndi ana ena. Akakumana ndi Che Amidu panjira ankapatuka, n'kugwada. Ena m'mudzimo ankati Che Amidu anachita bwino, ena ankati anabisa chigawenga. Onsewo moni ankaperekabe ali chiimire.

Chizimalupsa chinagwa kumayambiriro kwa Novembala. Fumbi linagona, nthaka inanunkhira, ndipo mphepo ya mpoto inayamba kukankha mitambo pamwamba pa nyanja. Bango losasokedwa likanyowa limachita nkhungu. Che Amidu anatulutsa mphasa yaikulu ija, naiyala pakhonde. Panatsala mizere isanu ndi iwiri. Anaisoka umodziumodzi, kukoka chingwe mpaka bango litagwirana, namanga mfundo yomaliza. Anadula nsonga zotsala ndi mpeni, naipinda, naiimika pakona kuseri kwa chitseko.