Dzungu la Mkamwini

Paison ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Ndikulemba za iye akadali moyo chifukwa anthu a kuchikamwini kwake ayamba kale kuikamba nkhaniyi mowakomera. Ine ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo ndinaona mabodza ambiri akukhazikika chifukwa wodziwa zoona anachita ulesi kugwira cholembera.

Iye sukulu inamukana. Analekezera sitandade folo, n'kumangotsatira amayi athu kumunda. Amayi atamwalira, ife tinagawana mbuzi ndi mipando. Paison anatenga nsupa yakuda ndi mwaye imene inkalendewera m'khitchini. Munali nthanga za dzungu limene amayi ankalitcha Nkhanga chifukwa cha khungu lake la mawangamawanga. Dzungu limeneli si ngati amadzimadzi awa amene amaunjikidwa m'mbali mwa msewu pa Manjawira. Silikula kwambiri, koma limalemera ngati mwala, ndipo kuti ulidule umafuna chikwanje. Ukaliphika limafumbutuka mpaka kukutsamwa ngati madzi ali kutali. Ukaliika pansi pa bedi mu Meyi, umalipeza lili bwinobwino mu Okutobala.

Mu 1984 anakwatira Thokozile wa cha ku Kasinje, n'kukakhala kwa mkazi monga umanenera mwambo wa mudzi umenewo. Nkhoswe yake ndinali ine. Ndinamuuza poyera kuti mkamwini amalima dothi la eni, koma mawu anga anawamva ngati nsanje. Eni mudzi anamupatsa kamalo kuseri kwa nyumba, dzala lakale lodzaza miyala ndi magalasi osweka. Anatola miyala yonse, natuta manyowa pamutu ngati mkazi, anthu akuseka.

Chaka chachitatu maungu ake anayamba kusukuluka. Anabwera kwa ine atanyamula chibenthu kuti ndilawe. Ndinamufotokozera kuti njuchi zikutenga ufa wa m'maluwa a maungu a anzake n'kumausiya pa ake, ndipo ndinamuonetsa chochita. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuti Paison amvere phunziro langa. Kuyambira pamenepo, madzulo aliwonse a dzinja ankamanga ndi luzi maluwa amene atsegule mawa lake. M'mamawa ankathyola chiluwe chachimuna, n'kuchipaka m'duwa lokhala ndi kadzungu kunsi, n'kumanganso kuti njuchi isalowe. Pa phesi la kadzungu koteroko ankamangapo kansanza. Komabe nsanza yokha sinkakwanira. Dzungu likakhwima, nthanga zake ankaziika pa phale, Thokozile n'kuphika dzungulo popanda mchere kapena shuga. Paison ankadya atatsinzina. Likamukhutiritsa ankati, "Ili ndi la mbewu," ndipo nthanga zinkalowa mu nsupa pamodzi ndi phulusa. Likalephera, nthangazo ankakazinga.

Banjali silinaone mwana, ndipo mudzi sunalole kuti aiwale. Cyprian, mlongo wake wa Thokozile amene ndiye mwini mbumba, ankakonda kunena pa mowa kuti alamu ake ndi nkhoswe ya maluwa, akukwatitsa maungu panja pamene m'nyumba mwawo muli zii. Amayi a pa mjigo ankafunsa Thokozile ngati ana ake a pansi pa bedi agona bwino. Koma maunguwo ankadya chaka ndi chaka, Cyprian yemweyo akutsogolera. Aliyense wopempha nthanga, Paison ankamupatsa. Iwo ankakazimwaza m'chimanga pamodzi ndi maungu ena alionse, ndipo pakatha zaka ziwiri dzungu likasanduka madzi, ankati mkamwini anawapatsa mbewu yabodza mwadala. Motero Nkhanga weniweni anatsala pamalo amodzi okha padziko lonse, kuseri kwa nyumba imene sinali yake.

Dzinja la 2023 mvula inanama. Paison anabzala mu Novembala, zomera zinapsa. Anabzalanso, zinapsanso. Ulendo wachitatu anakhuthula nsupa yonse, chinthu chimene amayi athu sakanachita, ndipo ndinamuuza kuti ndi uchitsiru. Anapulumuka mapando asanu, amene ankawathirira ndi ndowa yochokera ku mjigo. Mu Febuluwale, Thokozile anadwala masiku asanu ndi limodzi, namwalira. Nthawi imeneyo n'kuti maungu atatu okha ali ndi nsanza, lililonse ngati chibakera.

Mwambo wosudzula wamasiye umadikira kuti misozi iume. Abale a Thokozile anadikira masabata awiri. Anandiitana monga nkhoswe, n'kundiuza kuti mkamwini wamasulidwa, abwerere kwawo, chifukwa mwana wa Regina, mng'ono wake wa malemu, akufuna malo omangapo. Ndinawakumbutsa kuti munthu wakhala pamudzipo zaka makumi anayi, kuti manda a makolo awo anakumba nawo, kuti ngakhale waganyu amamulola kukolola chimene wabzala. Anandimvetsera ngati mmene ana a kumbuyo kwa kalasi amamvetserera, akuyang'ana jekete langa. Paison sanatsutse chilichonse. Atamufunsa ngati ali ndi mawu, anagwada pamaso pa Cyprian, munthu wamng'ono kwa iye.

"Alamu, nyumba tengani, mbuzi tengani," anatero. "Koma maungu atatu ali ndi nsanza aja musawathyole. Akakhwima ndidzatenge limodzi lokha. Mbewu ina ndilibe."

"Dzungu n'chinthu chomanana, alamu?" anayankha Cyprian. "Mudzabwere mu Meyi."

Ndinabwera naye kwathu ndi chikwama chimodzi, khasu, ndi nsupa yopanda kanthu. Miyezi itatu imeneyo sanakhale pansi. Anasalaza chulu cha kuseri kwa nyumba yanga, napempha ndowe kwa oweta ng'ombe, nandifunsa mobwerezabwereza kuti lero ndi pa chani. Ndinamuuza kuti anthu amenewo sindikuwakhulupirira. Iye anati ndimasunga zinthu kukhosi. N'zoona, ndimasunga, ndipo sizinandinamizepo.

Pa 18 Meyi tinapita. Tisanalowe n'komwe pabwalo tinaona kuti kuseri kwa nyumba kuja akumbako nkhuti ya njerwa. Dothi lakuda limene Paison analipanga ndi manja ake linali litaumbidwa, likuuma pa dzuwa m'mizere. Regina anatilandira ndi ulemu wonse, natiyalira mphasa. Anati maungu awiri ana anamwera tiyi, poti ana samva, koma limodzi anatisungira. Paison anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Ndinati atipatse tizipita dzuwa lisanapendeke, koma Cyprian anati tikuthamangira chiyani ngati tabwera kudzapala moto. Anatichedwetsa ndi nkhani za mtengo wa feteleza ndi za kachewere amene anaola ku mapiri. Nthawi yonseyo utsi unkatuluka m'khitchini, ine osaganiza kanthu. Ndi maphunziro anga onse, sindinaganize kanthu.

Regina anabwera ndi madzi osamba m'manja. Kenako anabwera ndi beseni lovindikira, nagwada, navundukula. Munali Nkhanga, wodulidwa zibenthu zisanu ndi zitatu, nthunzi ili tolotolo. Nthanga zonse zinali momwemo, zitaphikidwa pamodzi ndi dzungulo. Phesi lake, kansanza kakadali pomwepo, analiika pambali pa beseni kuti tisakayike.

"Mlendo sabwerera ndi njala, alamu," anatero Cyprian. "Munati mukufuna dzungu lanu. Nali."

Masiku ano akuuza anthu kuti kunali kusamvana chabe, kuti Regina anaganiza kuti mlamu wake walakalaka kulawa. Regina ndi mayi wa zaka zoposa makumi asanu. Anaona mlamu wake akuika nthanga pa phale zaka zoposa makumi atatu. Pa tsiku losudzula anali pomwepo, ndipo mawu oti mbewu anawamva. Anthu amenewa sankafuna kuti mkamwini atuluke ndi kanthu kalikonse kamene kanamera pa dothi lawo, ndipo ankafuna kuona nkhope yake. Ana anali atasonkhana kale m'mbali mwa nkhokwe.

Ndinaimirira kuti ndinene zimene ndinali nazo, koma Paison anandikoka thalauza. Anasamba m'manja. Anatenga chibenthu, natsinzina, natafuna pang'onopang'ono monga ankachitira nthawi zonse. Bwalo lonse linkadikira kuti alire.

"Achimwene, lawani," anatero. "Ili ndi la mbewu."

Ndinalawa, ndipo sindinama pofuna kukometsa mkwiyo wanga: dzungu lokoma chotero sindinadyepo, ngakhale m'manja mwa amayi. Chilala chija chinaliumitsa bwino, linali lotsekemera ngati lathiridwa uchi, la ufa mpaka kukhungu. Cyprian anadya zibenthu zitatu akuyamikira. Paison anatulutsa kampango m'thumba n'kuyamba kutola nthanga m'beseni imodziimodzi. Atatha anatolanso zimene Cyprian analavulira pa dothi. Apo mpamene anthu anapeza chimene ankadikira. Anaseka mpaka Regina kugwira chipupa.

Titafika kwathu anaziyanika pa lichero, nazisakaniza ndi phulusa, naziika mu nsupa. Ndinamuuza kuti nthanga yophika simera, kuti chamoyo cha m'kati mwake chinafa mu mphika. Sindinamunyengerere, chifukwa anthu omunyengerera ndi amene anamufikitsa pamenepa. Anandiyankha kuti mwina zapakati moto sunazifike bwino.

Mvula itagwa mu Disembala anabzala mapando makumi anayi pa chulu chija. Patatha sabata panamera chisoso ndi bonongwe. Anazula. Patatha masabata atatu ndinamuona pa windo akufukula phando ndi chala. Anapeza kakhungu kopanda kanthu, nakayang'ana nthawi yaitali, napita pa phando lina. Tsiku limenelo anafukula mapando makumi atatu ndi atatu. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga, anamugulira dzungu pa Manjawira kuti amusangalatse, koma analuma kamodzi n'kukankhira mbale kwa galu.

Mapando asanu ndi awiri otsalawo wakana kuwafukula, ndipo waika minga mozungulira kuti nkhuku zisapalase. Akuti amenewo tiwapatse nthawi. Pamene ndikulemba pano mwezi wa Malichi ukutha, chimanga cha anthu chayamba kuuma, ndipo iye ali pa chulu ndi ndowa, akuthirira.