Timphamba ndi Botolo la Chidede

Amuna anga anali wojambula zithunzi. Mkati mwa sabata ankakhala pansi pa mtengo m'tauni ya Zomba, kamera pakhosi, kudikira ofuna zithunzi za paziphaso, ndipo Loweruka ankayenda m'maukwati kuyambira ku Mbedza mpaka ku Songani. Ntchito imeneyo inkatidyetsa, sindinkadandaula nayo. Chimene chinkandipsetsa mtima ndi mbalame.

Matenda a mbalamewa anawatengera kuphiri la Zomba. Chaka china anakumana ndi mzungu wokalamba pa damu la Mulunguzi, munthu amene moyo wake wonse ankangolondola nyama zikamasamuka, dziko ndi dziko, n'kumazijambula. Iyeyo ndiye anawauza kuti timphamba tating'ono timene timafika kuno ndi mvula yoyamba timachokera kutsidya kwa nyanja yamchere, ndipo timawoloka madzi onsewo osatera paliponse. Pochoka anawasiyira lenzi yake yakale ya kamera, yakuda, yaitali ngati munsi.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga munalibenso nkhani ina. Chaka ndi chaka filimu inkathera kumwamba, zithunzi n'kumatuluka timadontho tokhatokha ngati nsabwe pansalu.

"Abambo, kodi mbalamezi zidzabwera kudzawombola zithunzi zake?" ndinkawafunsa.

"Chimodzi chokha, mayi. Ndikadzapeza chimodzi chooneka bwino, ndidzasiya."

Chaka chimene ndikunenachi kunabuka mphekesera za anamapopa. Ankati kukuyenda anthu achilendo okhala ndi zipangizo zopopera magazi a anthu. M'midzi amuna ankalondera ndi zibonga, misewu atatchinga ndi miyala. Ife a m'tauni tinkangoseka, ngati kuti Songani ndi dziko lina.

Tsiku lina mvula itagwa m'mawa, kondakitala wa minibasi anawatsina khutu amuna anga kuti timphamba tadzaza padambo lina kuseri kwa Songani, tikudya ngumbi. Ndinati nditsagane nawo. Mbalame sizinkandikhudza, ine ndinkafuna ngumbizo. Ndinanyamula beseni, ndipo m'chikwama mwawo ndinaponyamo botolo la chidede chimene ndinkawaphikira chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Amene anamwapo chidede akudziwa kufiira kwake.

Titafika, nanenso ndinaima kukamwa kuli yasa. Kumwamba konse kunali mbalame, zikuwakha ngumbi ndi zala n'kumadyera m'malere momwemo. Amuna anga anagona chafufumimba m'udzu, nadzifunditsa neti yakale yobiriwira kuti mbalame zisawaone, lenzi yokha itasuzumira kunja. Ine ndinali chapatali pachulu, ndikungomva kamera ikulira.

Mayi wina wochokera kumunda anawaona, naponya khasu pansi, nakuwa. Kenako ndinamva wezulo. Anthu anatulukira mbali zonse, ena ndi zikwanje, ena ndi njerwa, ndipo pamene ndimafika ndikuthamanga anali atawakoka kale miyendo kuwatulutsa m'netimo.

"Abale, ndi amuna anga awa! Ndi ajambuli aja, mumawadziwa!"

Palibe anandimva. Bambo wina wa jekete lachikasu anakhuthula chikwama, natola botolo, nalikweza kuti onse aone.

"Si awa magazi? Apopa kale!"

"Ndi chidede chimenecho! Ndipatseni ndimwe muone!"

Anandiyankha ndi mbama, khutu linangoti ngwee. Pansi panali patamwazika zithunzi za maukwati zimene eni ake anali asanatenge, poti amuna anga ankayenda nazo kulikonse. Mtima unakhala pansi pang'ono, ndinati izi ndiye zitipulumutsa.

"Tolani muone! Ndi maukwati anu omwe!"

Mayi wina anatoladi chimodzi. Anapezapo mwana wake wamkazi atavala velo, ndipo m'malo motizindikira anagwira kumutu.

"Mayo ine! Nkhope zathu ali nazo! Atisankha kale!"

Apo ndiye zinathera. Njerwa yoyamba inawapeza amuna anga pamsana, yachiwiri kumutu. Anayesa kudzuka, manja m'mwamba, akunena mwaulemu ngati ali paukwati, "Pepani akuluakulu, ndifotokoze." Wa jekete uja anathyola lenzi pakamera, naigwira ndi manja awiri, nawamenya nayo kumaso. Kulira kwa galasi ndi fupa pamodzi ndimakumvabe mpaka lero. Magazi anathovoka m'diso lakumanja, lomwe ankajambulira lija, n'kuyenderera mpaka m'kolala.

Ndinadzigwetsa pamwamba pawo. Mpini wa khasu unandithyola nthiti, wina anandiponda dzanja ndi jombo, koma sindinasunthe. Ndinkawatukwana ndi mawu amene mayi wa mvano sayenera kuwadziwa. Kenako ndinamva fungo la palafini, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona akugubuduza tayala. Palafiniyo anatithira tonse awiri, wozizira, mpaka m'kamwa.

Mvula inabwereranso nthawi yomweyo, yamphamvu, yochokera kuphiri. Munthu anakhwatcha machesi, anazima. Anakhwatchanso, mutu wa machesi unangonyenyeka. Akukanganirana zokapala moto kumudzi, mumsewu wa m'mbali mwa dambo munatulukira lole ya matabwa. Dalaivala wake ankawadziwa amuna anga kuphiri. Sanatsike kukakambirana ndi munthu, anangoikhotetsera m'udzu hutala ali pii, anthu n'kubalalika. Iye ndi anzake anatiponya pamwamba pa matabwa onyowa, pamodzi ndi kamera yophwanyika ija.

Kuchipatala diso lakumanja analichotsa. Lakumanzere linatsala, koma ankati limaona ngati munthu ali m'nkhungu ya kuphiri. Wa jekete uja ndimamuonabe ku Songani akugulitsa tomato, wonenepa bwino. Sindinamukhululukire, ndipo abusa anatopa nane.

Kamera inafa, koma kachitseko kake sikanatseguke, choncho filimu inapulumuka. Nthiti zitapola ndinakaitsukitsa. Zambiri zinali nsabwe zathu zija. Chimodzi chokha chinandiimitsa pakhomo pa situdiyo: kamphamba kamodzi, mapiko tambasu, miyendo yofiira, ngumbi ili m'zala, ngakhale diso lake likuoneka.

Kunyumba ndinawapeza amuna anga atakhala pakhonde, ndinawapatsa chithunzicho. Anachilandira, nachiyandikiza mpaka chinakhudza mphuno, nachipendeketsa uku ndi uku. Anachigwira chozondoka, ndipo sindinawauze.

"Nanga mayi, katuluka?"

"Katuluka, abambo."

"Osandinamiza. Miyendo ikuoneka?"

Ndinawafotokozera zonse, nthenga ndi nthenga, misozi ikugwera pachitenje. Anamvetsera akugwedeza mutu, kenako anandibwezera chithunzicho.

"Basi, chimodzi chija ndi chimenechi," anatero. "Ndasiya, mayi, monga munkafunira."