Bambo Anachiza Njinga Yosadwala

Lolemba lapitali bambo anga anatsika shapa, minibasi yathu ija, pano pa Moatize atanyamula thumba lawo la masipanala. Anali ataitanidwa kuchokera ku Zobue kuti adzaweruze njinga ziwiri. Musayambe kuseka, dikirani ndikuuzeni amene anawaitana.

Achimwene anga a Zakeyu amayendetsa chigalimoto cha mumgodi ku Chipanga, chija choti tayala lake lokha limatalika kuposa nyumba ya mphunzitsi ngati ine. Amakwera pa makwerero m'mawa, n'kukhala pampando wofewa mpaka dzuwa kupendeka. Zaka khumi ndi ziwiri za moyo wotere zawapatsa nyumba ya njerwa, ana anayi a pasukulu, woyamba wake Tino, ndi mimba imene imalowa pakhomo eni ake akadali panja. Mwezi wathawu powayeza kuntchito, monga amachitira chaka ndi chaka, anawapeza ndi tensawu, kuthamanga kwa magazi kuja. Adotolo sanazungulire ayi. Anati miyezi iwiri ya mapiritsi ndi thukuta, ndipo akadzawayezanso n'kupeza zili chomwecho, kiyi ya chigalimoto idzapita kwa wina.

Kodi mungawadzudzule? Ndani angasiyire munthu woti akhoza kukomoka chiwongolero cha chinthu chachikulu ngati tchalitchi?

Mapiritsi anapezeka. Nanga thukuta alipeze kuti? Apalase njinga mumsewu wathu uno, pakati pa magalimoto a malasha, akupuma fumbi lija limadetsa ndi zovala zoyanika pachingwe? Ndiye kuchira magazi n'kufa ndi chifuwa kumeneko.

Apa ndi pamene akazi awo, alamu anga a Esnati, anaganiza zazikulu. Mayi ameneyu akaika mtima pachinthu, ingopatukani. Anati popeza anzawo ambiri a achimwene ali ndi mimba zomwezo ndi mantha omwewo, atsegula jinaziyo, nyumba yolimbitsiramo thupi, m'chipinda chawo chimene kale munali sitolo. Mtsikana wina wogulitsa katundu wotere ku Tete, dzina lake Sandra, anawabweretsera njinga ziwiri zoti aziyese masiku angapo, kenako asankhe mtundu umodzi wodzaza nawo chipindacho.

Njinga zake ndi zija zokhala pamiyendo inayi ngati tebulo, zokhala ndi chitayala chimodzi chachitsulo cholemera kutsogolo. Yoyamba ili ndi tcheni ngati njinga ya munthu aliyense. Pamwamba pa chitayalacho pali kachikopa kokhuthala, ndipo ukapotoza kamutu kofiira kamene kali pansi pa mahandulo, kachikopako kamakanikiza chitsulo, njinga n'kulemera ngati ukukwera chitunda. Yachiwiri ilibe tcheni, ili ndi lamba wobisika m'chikuto. Ukapotoza kamutu kake, maginito amayandikira chitayala osachikhudza, koma kulemera kumabwera chimodzimodzi.

Alamu anasokonezeka. Tcheni kapena lamba? Chikopa kapena maginito? Ndiye anati, kodi m'banja muno ndani amadziwa njinga kuposa apongozi? Ananena zoona. Bambo akhala zaka makumi atatu pansi pa mtengo umodzi pafupi ndi malire ku Zobue, akukonza njinga za anthu onyamula chimanga, makala ndi mbuzi zomangidwa miyendo. Njinga ikamadutsa pamsewu amadziwa nthenda yake asanadzutse mutu.

Atapuma ndi kumwa madzi, tinawalowetsa m'chipindamo. Anazungulira njinga zija kawiri, manja kumbuyo.

"Keliyala ili kuti?"

"Ilibe, apongozi," anayankha alamu atagwada pang'ono.

"Belu?"

"Ilibenso."

"Nanga imapita kuti?"

"Siipita kulikonse."

"Oho. Ndiye munthu akatopa, amatsikira pomwe anakwerera?"

"Eya, apongozi."

"N'kulipira?"

"N'kulipira."

Bambo anandiyang'ana ine ngati kuti ndine ndinayambitsa sukulu padziko pano. Kenako anapinda thalauza, n'kukwera ya tcheni ija. Anapalasa katatu khutu atalipendeketsa, n'kutsika.

"Iyi ikudwala. Buleki ikugwira."

Alamu anafotokoza mwaulemu wonse kuti anaipanga dala choncho, kuti kulemerako ndiye mankhwala ake. Bambo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Zoona, amake Tino, zoona." Ine amene ndinakulira m'manja mwawo ndinayenera kuzindikira kugwedeza kumeneko. Bambo satsutsana ndi mpongozi wawo pamaso. Amavomera, n'kudikira kuti anthu atuluke. Ndiye titapita kukadya iwo anati titsogole, akubwera.

Kuyambira masana amenewo achimwene anasanduka munthu wina. Anali pa masiku awo opuma, choncho ankakwera njinga ya tcheni ija m'mawa ndi madzulo. Ankapalasa akuimba nyimbo za kwaya. Ankapalasa akuyankha foni. Lachitatu ndinawapeza akupalasa uku akusenda lalanje.

"Ola lathunthu, mphwanga, osatuluka ndi kadontho komwe! Magazi a ku Zobue amenewa. Dotolo uja makina ake ndi onama."

Anaimbira anzawo onse kuti abwere adzaone mmene mwamuna amapalasira. Alamu nawo mtima unakhala pansi, anati basi, atenga za tcheni, zikuwayanja abambo a Tino.

Nthawi yonseyi bambo anali pa njinga inayo, ya maginito. Imeneyo inawasowetsa mtendere. Misomali yake yopota inali ya mitu yachilendo, yoti palibe sipanala ya m'thumba mwawo imene inalowa. Anagona chagada pansi n'kusuzumira. Analowetsa pepala pampata wa chitayala, pepala n'kudutsa bwinobwino osakodwa. Anakwera, n'kupeza ikulemerabe. Anatsika, n'kundikokera pambali.

"Iwe, chinthu chogwira munthu osamukhudza, kwathu timachitchula dzina lina. Uwauze alamu ako asamale."

Lachinayi Sandra anabwera kudzamva chimene asankha. Achimwene anati adikire kaye aone. Anakwera, anamanga mapazi ndi timalamba ta pa mapedulo, n'kuyamba kupalasa mwa mkokomo, chitayala chija chikulira ngati chigayo. Mtsikanayo anakweza nsidze. Anati akafuna kuima akanikize kamutu kofiira kaja, chifukwa kachikopa komwe kamalemeretsa njinga ndi komwenso kamaimitsa.

Achimwene anakanikiza. Palibe chinachitika.

Anakanikiza ndi manja awiri. Chitsulo chija chinali chitatenga liwiro lake, ndipo tsopano ndicho chinkapalasa iwo. Miyendo inkangozungulira yokha, mimba ikuvina, maso ali tong'o.

"Epa! Ndigwireni! Ikundithawitsa!"

Ikuwathawitsira kuti, abale anga? Tinali anthu anayi m'chipinda chotseka, tikuthamangathamanga kuzungulira njinga imene sinasunthe ndi chala chomwe. Ine ndinagwira mahandulo ngati ndikugwira ng'ombe nyanga. Alamu anagwira amuna awo m'chiuno. Sandra ankakuwa Chipwitikizi chokhachokha. Chitayala chitatopa chokha n'kuima, achimwene anatsika, n'kukhala pansi.

Apo ndi pamene bambo anapisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'pepala, n'kukafunyulula pang'onopang'ono monga amachitira sing'anga akachotsa chinthu m'thupi la wodwala. Kanali kachikopa kaja.

"Nachi chimene chimakuzunzani. Ndathiramonso oyilo. Musavutike n'kundithokoza."

Ine ndinaseka mpaka kugwira khoma, sindinama. Koma nditacheuka ndinapeza alamu akhala pa simenti, misozi ikutsika. Ndinasiya kuseka. Paja mkazi sakalipira apongozi ake aamuna maso ndi maso, ndiye anatembenukira kwa ine, bambo ali pomwepo.

"Alamu, auzeni bambo kuti masiku atatu apita pachabe. Auzeni kuti munthuyu watsala ndi masabata asanu. Akamulanda kiyi, ana anayi aja ndiwauza chiyani? Nanga akagwa m'chigalimoto muja?"

Sindinafunike kubwereza. Bambo anakhala pa benchi, kachikopa kali m'manja. Nawonso anayankha kudzera mwa ine.

"Uwauze amake Tino kuti pamene tinkabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, iwe unali kumsana kwa amayi ako. Zakeyu uyu anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Njinga inali imodzi, malata asanu ndi limodzi, mbewu, mapoto. Ine ndinagwira kutsogolo, iye ankakankha kumbuyo, zitunda zonse zija za ku Zobue, mpaka mapazi ake anang'ambika. Sanalire. Ndinalira ndine. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ine ndili moyo, mwana wanga sadzalimbananso ndi njinga yolemera. Lero mukuti ndiimirire, ndizionerera mukumugulira chitunda?"

Manyazi anandigwira chifukwa cha kuseka kwanga kuja.

Tsono ndikufunseni inu owerenga, amene mwina mukuti nkhalamba ya ku Zobue ndi yotsalira. Ndani wa ife sanachotsepo kachikopa kameneka?

Munthu wa kumgodi akafika pakhomo timamulanda chikwama asanatsike bwino. Timamuthamangira ndi mpando. Nyama yonona, ija yonjenjemera mafuta, imapita m'mbale yake. Akati apite pamsika, pamene mwana amafika asanamalize kutafuna chingamu, timamuitanira chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, kuti bwana angaoneke akuyenda pansi. Mimba ikatuluka timaomba m'manja: "Koma ndiye mwanenepa, zikuyenda!" Ayerekeze kuonda pang'ono, muone manong'onong'o ake kuchitsime.

Sindikunyoza. Ambiri a ife tinakula tikusenza. Tinasenza madzi, nkhuni, matumba a ufa wa m'misasa ya othawa nkhondo, ndipo chikondi chimene tinaphunzira ndi cha kulandira mnzako katundu. Palibe anatiphunzitsa chikondi china. Malasha atabwera tinapempha Mulungu kuti ana athu akhale pansi, apume, ndipo anatiyankha. Walira mvula walira matope. Ana akhaladi pansi, ndipo mpandowo ndi umene ukuwadya.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ife ophunzira ndiye oipitsitsa. Ine ndinaona ndi maso angawa munthu wodwala akusenda lalanje pa njinga yolimbitsira thupi, malaya ali gwa, ouma. Ndinafunsa kanthu? Ndinalandira theka la lalanjelo.

Za kusankha njinga zinatha mosavuta. Sandra, mtima utabwerera m'malo, anafotokoza kuti tcheni imafuna oyilo, ndipo oyilo akakumana ndi fumbi la Moatize amasanduka phala lakuda lodya mano a njinga. Anati kachikopa kamatha, kamafuna kusintha, pamene lamba ali m'chikuto ndipo maginito sakhudza kanthu, ndiye alibe choperepeseka. Alamu anamvetsera zonsezo akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Ndipatseni za maginitozo."

"Chifukwa cha fumbi eti, mayi?"

"Ayi. Ndi yokhayo imene apongozi alephera kuitsegula."

Lachisanu m'mawa, tsiku loti bambo abwerere kwawo, ndinapita kukawaperekeza. Ndinawapeza aima pakhomo la chipinda chija. Mkatimo achimwene anali pa njinga ya maginito, okhaokha, akupalasa mwaulemu ngati akupita kukapereka moni kwa achibale. Kamutu kofiira anali atakamasula mpaka kumapeto. Munthu akazolowera zofewa, abale, sabwerera yekha.

Bambo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa, n'kukaima pambali pa njingayo. Anatambasula dzanja lija lakhala likupepukitsa njinga za anthu zaka makumi atatu, n'kugwira kamutu kaja. Anapotoza kamodzi. Anapotozanso.

"Ababa, yalemera!"

"Ndikudziwa. Palasa."

"Ababa, miyendo!"

"Ndati palasa, Zakeyu."

Anapotoza kachitatu, n'kutembenuzira nkhope kukhoma, koma dzanja sanalichotse. Thukuta linayamba pamphumi pa achimwene, linatsikira m'khosi, malaya n'kuda kumsana konse. Ankapuma ngati mvukuto. Bambo sanacheuke mpaka theka la ola litakwana, ndipo atacheuka maso awo anali ofiira kuposa a wopalasayo.

Ngati kiyi ija idzakhalebe m'thumba la achimwene, sindikudziwa. Masabata asanu si ambiri. Koma inu amene muli ndi a Zakeyu anu kunyumba, amene mumawakonda mpaka kuwalanda ndi kapu ya madzi yomwe kuti angatope, mungathe kuwawonjezera katundu ndi dzanja lanu, n'kuimirira pomwepo mukumva akulira?