Malikisi 19 a Bambo Uzcátegui

A Hermelinda Ccori anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa yunivesite ina mumzinda wa Arequipa ku Peru. Ntchito yawo inali kuona mapepala a ophunzira ochokera kunja, n'kugamula maphunziro oti awerengedwe ndi oti abwerezedwe. Akadali mtsikana anadindapo pepala la mnyamata wina waulemu kwambiri, amene pambuyo pake zinadziwika kuti sanapondeko m'kalasi. Chichokereni nthawi imeneyo, munthu akamwetulira mopitirira pawindo lawo, iwo ankayamba kukwinya nkhope.

Wilber, mnzawo wa tebulo loyandikana, ankakonda kuwaseka. "Inu mayi, ngakhale satifiketi yanu ya ubatizo mumaikayikira."

"Ndinaifufuza kale. Tsiku analakwitsa."

Lachiwiri lina kunabwera Yorman Uzcátegui, bambo wa ku Venezuela woyendetsa takisi. Anaphunzira zomangamanga zaka zinayi kwawo ku Mérida asanasamuke, ndipo ankafuna kumaliza. Malikisi a kwawo amathera pa 20 ngati a ku Peru, choncho ntchitoyo inkaoneka yosavuta. A Hermelinda anatsetsereza chala papepala: 12, 13, 14, 12. Atafika pa phunziro la nthaka ndi maziko, chala chinaima. Panali 19.

"Bambo, phunziro ili limaliza anthu kulikonse. Inu munalikhoza chonchi?"

"Mphunzitsi wake anali wabwino, mayi."

"Enawa anali oipa onse?"

Bamboyo anaseka, koma maso anali pansi. A Hermelinda anakweza pepala kuyang'anitsa kudzuwa. Pamene panali 1 panali popyapyala kuposa pena ponse.

"Mubwere Lachisanu," anatero.

Masiku atatuwo chilichonse papepalapo chinawaipira. Chidindo chinkaoneka chopendekeka, siginecha yonjenjemera. Analembera kalata ku Mérida, kunali zii. Wilber anati, "Musiyeni munthu, wavutika kale." Iwo anayankha kuti ameneyu akadzamanga nyumba, sadzagonamo yekha.

Lachisanu bamboyo anabwera ndi mkazi wake, Maigualida. Asanapatsidwe n'komwe mpando, mayiyo anayamba kulankhula.

"Ndine, mayi. Panali 09, anali atalephera. Ndinapala ziro ndi lezala n'kulembapo 1 iwo ali kuntchito. Zaka zawapita, ndinaona kuti kubwereza sangakwanitse."

"Amuna anu sanadziwe?"

"Sanadziwe."

"Nanga za mphunzitsi wabwino zija?"

A Hermelinda anawayang'ana mmodzimmodzi. Mayiyo ankalankhula mosadodoma ngati woloweza, bamboyo thukuta lili kamukamu. Kodi mkaziyu akunena zoona, kapena akusenza mlandu wa mwamuna wake? Akanapereka nkhaniyo kwa akuluakulu, bamboyo akanatsekeredwa khomo mpaka kalekale. Anabweza pepala lija pawindo.

"Ili sindinalilandire. Mubweretse lina lochokera ku Mérida, lomata, losatsegula. Likadzasiyana ndi ili pena paliponse kupatula apa, tidzakumana kwa akuluakulu."

Panapita miyezi isanu, ndipo a Hermelinda anali atatsimikiza kuti anthuwo athawa. Kenako envelopu inafika kudzera mwa msuweni wa bamboyo. Anaitembenuza kangapo, kufufuza ngati inatsegulidwapo n'kumatidwanso, koma sanapeze kanthu. M'katimo munali 09, ndipo malikisi ena onse anali monga mwa pepala loyamba. A Hermelinda anavomereza maphunziro makumi awiri ndi atatu kuti awerengedwe. La nthaka ndi maziko a Yorman analibwereza, akuyendetsabe takisi, n'kupeza 12.

A Hermelinda anapuma ntchito chaka chotsatira. Tsiku lina akuchokera kumsika wa San Camilo ndi matumba a mbatata, takisi inaima pafupi nawo.

"Mayi Ccori! Kwerani ndikakutuleni."

Anakwera kumbuyo. Atafika pakhomo pawo, anagwira chitseko n'kufunsa, "Bambo, ine ntchito ndinasiya. Lezala lija anagwira ndani?"

A Yorman anawayang'ana pagalasi. "Mbatatazi ndikulowetsereni m'nyumba?"