Chikombole cha msana wa mwana wanga

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anabadwa ndi msana wokhota. Atakwanitsa zaka zitatu, kukhotako kunayamba kupanikiza chifuwa. Akangoyenda kuchoka pakhomo kukafika pampopi wa kwathu ku Bangwe, ankakhala pansi n'kumapuma mwawefuwefu. Adokotala anati mapapo akusowa malo, ndipo pakufunika chovala cholimba cha pulasitiki chogwira msana.

Tsiku lomuyeza, bambo wina wachikulire amene amapanga zovalazi kuchipatala anamukulunga ndi mabandeji a pulasitala, kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Atauma, anawadula n'kumuvula. Patebulo panatsala thupi la mwana wanga, loyera, lopanda kanthu m'kati, ndi kukhota kwake komwe.

Ndinayala chitenje kuti ndikulunge chikombolecho. Kwathu sitisiya tsitsi kapena zikhadabo za mwana kwa mlendo, nanji thupi lathunthu. Ndine munthu wopemphera, koma manja anachita okha.

"Mayi, mukupita nacho kuti?" anafunsa bambowo.

"Ndi cha mwana wanga."

"Sitikukana. Koma mukachitenga, ine ndiumbira pa chiyani? Kapena mundibwereke mwini wakeyo sabata ziwiri, azigona pashelefu?"

Anamwino anaseka, ine manyazi anandigwira. Bambowo anatenga chikombole cha mwana wina chomwe anali atachidzaza kale ndi pulasitala, nandionetsa ndi chala. "Apa timapala, kuti chovala chizikankha msana. Apa timawonjezera, kuti nthiti zipeze kopita. Mpweya timausiyira chipinda chake."

Kuyambira ndili mtsikana ndakhala ndikuwerenga za Mlengi amene anaumba munthu ndi dothi n'kumuuzira mpweya. Sindinkadziwa kuti luso limeneli anagawirako ena, anthu ovala epuloni, a manja otuwa. Ndinachisiya chikombolecho, ndipo mu minibasi ndinapemphera chamumtima njira yonse.

Chovalacho chitabwera, mwana analira masiku anayi. Inali nyengo yotentha, ndipo ndinkamusinthira kamalaya kam'kati katatu patsiku.

Patapita miyezi, m'mawa wina atakhala pamkeka, ndinalowetsa zala pa kazenera kamene bambo aja anasiya m'mbali mwa chovalacho. Nthiti zinakwera pang'onopang'ono mpaka kudzaza malo onsewo, n'kutsika mosafulumira. Zinakweranso. Ndinagwada pomwepo, zala zili momwemo.

"Amayi, mukundigirigisha," anatero mwanayo, n'kuseka kwa nthawi yaitali osatsamwa.