Alamu Anga Amapinda Anthu Ngati Mipando

Alamu anga, achemwali awo a amuna anga, amagwira ntchito pamalo obwereketsa mipando ndi matenti. Msonkhano ukatha, iwo ndi amene amapinda mipando mazana atatu n'kuisanja m'lole. Anzawo anawapatsa dzina loti Mayi Pindani. Ndi aafupi, zaka zapitirira makumi anayi, ndipo chala chawo chapakati n'chokhota chifukwa mpando wina unachipana kalekale.

Masewera olimbana otchedwa jujitsu anawayamba mwangozi. Anapita kukatenga mipando m'holo ina pamwamba pa sitolo ya matayala, n'kupeza anthu ovala zoyera akugubuduzana pansi. Anaima pakhomo mipando ili m'khwapa mpaka dalaivala anatopa kuliza hutala. Tsopano patha zaka zisanu.

Ine ndinkawaperekeza Loweruka, mwana kumbuyo, n'kukakhala pakona. Pagulu sindiyankhula, koma maso anga sagona. Ndinaona kuti masewerawa alibe nkhonya. Umagwira mkono kapena mwendo wa mnzako n'kuupinda pang'onopang'ono komwe sufuna kupita, mpaka iye akugunde ndi dzanja kapena anene ndi pakamwa kuti wagonja. Akatero umamusiya msanga. Ndinaonanso kuti alamu akagwira chigongono, maso awo amakhala ali kale pena.

“Mpando ukakana kupindika uku, usaukakamize, umathyoka,” anandiuza tikubwerera. “Pokanapo umakhala watsegula kwina. Munthu n'chimodzimodzi. Akabweza chigongono wakupatsa phewa. Akabisa phewa waiwala phazi.”

Mtima unkafuna nditayamba nanenso. Vuto linali wokhala ndi mwana maola awiri a masewerawo. Amuna anga amanyamula matumba a simenti, ndipo Loweruka masana ndi nthawi yawo ya mpira pa TV. Nditalimba mtima n'kupempha, anaseka mpaka kutsokomola.

“Ndisiye mpira chifukwa cha zogubuduka ngati ana? Zimenezo zimagwira anthu ofooka. Ine mkono uwu palibe angaupinde.”

Alamu anali pampando akuwenga mwana zikhadabo. Sanadzutse n'komwe mutu.

“Iwe, mkono umenewo ndinkausambitsa ndine. Ndipatse mphindi zisanu. Ukagonja, Loweruka lililonse mwana ndi wako. Ukapirira, nkhani yatha.”

Tinakankhira tebulo kukhoma n'kuyala matiresi pabalaza. Asanayambe, amuna anga anawerama ngati akuvula nsapato n'kunong'ona: “Achemwali, zikavuta ndikugundani pang'ono pamwendo, inu munene kuti nthawi yakwana.” Ine ndinamva, koma ndinachita ngati ndikukonza thewera. Alamu sanavomere, sanakanenso.

Alamu anagona chagada n'kuwakokera mlongo wawoyo pamwamba pawo. Amuna anga anatambasula mkono kuti awapanikize. Mkonowo unagwidwa, mwendo wa alamu unadutsa pankhope pawo, chigongono chinayamba kuwongoka mopitirira. Koma simenti si yamasewera. Amuna anga anaupinda mkonowo mwamphamvu n'kuubweza.

“Mwaona, amake mwana?” anatero akundiyang'ana.

Mawu asanathe, mwendo womwe uja unali utakolowekedwa paphewa, alamu atakhala tsonga, nkhope ya amuna anga ili m'matiresi. Anabuula, kenako anagubuduka chamutu n'kupulumuka. Apa nzeru zinawabwerera. Anagona chagada, n'kulowetsa manja onse awiri m'lamba wa buluku kumbuyo, n'kuwagonera.

“Tsopano mugwira chiyani?” anafunsa akupuma wefuwefu, mapazi ali m'mwamba ngati nkhuku ya pamsika.

Ine ndinayang'ana mapaziwo. Alamu nawonso anali atawaona kale. Anatenga lakumanzere n'kuliika m'khwapa monga momwe amanyamulira mipando, anakulunga miyendo yawo, n'kutsamira chakumbuyo pang'ono pokha.

Ndinaona mapewa a amuna anga akugwedezeka. Ankafuna kutulutsa dzanja kuti agunde mwakachetechete muja, koma lamba anali wothina ndipo thupi lonse linali litaligonera.

“Achemwali.”

“Ndikumva.”

“Nthawi sinakwane?”

“Kwatsala mphindi zitatu,” ndinayankha ine, foni ili m'manja. Mawu anga anandidabwitsa ndekha.

“Chabwino, ndagonja.”

“Makutu anga akalamba,” anatero alamu. “Uza mkazi wako.”

“Amake mwana, Loweruka ndikhala naye.”

Alamu anasiya phazilo, analisisita pang'ono, n'kubwerera kukamaliza zikhadabo ziwiri zimene zinatsala.

Loweruka lotsatira ndinavala buluku loyera la alamu, lopinda kawiri m'chiuno. Ndikutuluka, amuna anga anali pamatiresi omwe aja akulimbana ndi mwana kuti amuveke malaya. Akagwira mkono, mwana ankaubweza n'kuubisa m'khwapa uku akuseka. Thukuta linali kamukamu, mpira utayamba kale.

Ndinaima pakhomo, manyazi akundikoka lilime, komabe ndinanena.

“Akakana mkono musamukakamize. Yambani ndi kabudula, phazi amaliiwala.”

Amuna anga anausiya mkonowo. Kenako anagwira kaphazi kaja, ndipo kanalowa bwinobwino.