Achimwene Anati Zinali Njuchi

Zaka zimenezo ndinkagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu wopita ku malire. Masana ake ndimawakumbuka ngati maloto: kadzuwa kofooka ka m'nyengo yozizira, fungo la makoko m'manja, mathiraki a ku Tete atandanda, madalaivala akuwodzera pamthunzi.

Tsiku lina ndinaona achimwene anga akubwera chapansipansi, akukankha njinga. Anakwatira ku Thambani ndipo ankakhala kwawo kwa akazi awo. Diso lamanzere linali litatupa.

"Mwatani, achimwene?"

"Ndi njuchi, mlongo wanga."

Ndinawasendera nachesi. Anadya pang'onopang'ono, maso ali ku mapiri a ku Mozambique amene ankaoneka ngati utsi. Kenako anapinda malaya. Pamkono panali zipsera za mano, zina zakalekale, ndi bala la chikuni chamoto.

"Ndi alamu ako," anatero. "Chaka chachitatu chino."

Ndinaseka. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Achimwene anali chimunthu chachitali, chonyamula thumba la chimanga chokha, pomwe alamu anali kamayi kochepa thupi, koimba mokoma m'kwaya. Mutu wanga unakana.

Iwo sanaseke. Anatsitsa malaya aja, n'kugwira njinga kuti azipita. Apo m'pamene ndinawagwira dzanja.

Mawa lake tinapita kwa amalume, ankhoswe a banjalo. Anamvetsera akusema mpini.

"Mwamuna wamkulu ngati iwe, kumenyedwa ndi mkazi? Ukufuna mudzi wonse utiseke? Bwerera, ukalimbe mtima."

Tinakwera mpaka pa boma, ku ofesi ina yomva za mabanja. Bambo amene tinawapeza anayamba kulemba dzina langa, poganiza kuti wodandaula ndine. Atamva zoona zake anaitana anzawo.

"Tabwerani mudzamve izi!"

Mwa obwerawo munali mayi wina wa imvi. Iwo sanaseke. Anayang'ana mkono uja nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu, "Pepani bambo, mwavutika." Analemba kalata yoti tipite nayo kuchipatala. Achimwene analira pomwepo, misozi yokha, popanda mawu.

Ku Thambani sanabwerereko. Anamanga kanyumba kuseri kwa yanga. Amuna a pabawo ankawatcha wothawa mthiko, mpaka anasiya kupitako. Madzulo ankakhala pakhonde, akukonza njinga za anthu. Ana awo awiri ankabwera sukulu ikatsekera, ndipo wamng'onoyo ankakonda kugona pamiyendo pawo, iwo akumanga sipoko ndi dzanja limodzi kuti asamudzutse.